Khungu la pa njira ya ku Emau linagwira ophunzira a Yesu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa mawu amene amamveka kwambiri m'maulaliki nyengo ya Pasaka ikafika, akuti wokayika za kuuka kwa Yesu ndi wakhungu mumzimu. Mawu onena za khungu ali m'Baibulo ndithu, koma zimandipweteka kuona tikuwasandutsa chikwapu chokwapulira anthu akunja ndi achinyamata ofunsa mafunso. M'nkhani za kuuka, amene analephera kuona anali ophunzira ake enieni, anthu amene anadya naye mbale imodzi.

Tiyeni titsegule Luka 24:13-35. Anthu awiri, mmodzi dzina lake Kleopa, akuchoka ku Yerusalemu kupita ku Emau, ulendo wa mastadiya 60, pafupifupi makilomita 11. Yesu akuwapeza panjira n'kumayenda nawo limodzi. Vesi 16 silikunena kuti iwo anatsinzina dala. Likuti maso awo anagwidwa, osatchula wowagwira. Vesi 31 nalonso likuti maso awo anatsegulidwa, osatchula wowatsegula. Olemba Baibulo kawirikawiri amalemba chomwechi pamene wochitayo ndi Mulungu, ndipo akatswiri ambiri amawerenga mavesi awiriwa motero. M'Chigiriki, mneni umodzi wotanthauza kutsegula, dianoigo, ukupezeka katatu m'mutu umenewu: maso pa vesi 31, malembo pa vesi 32, nzeru pa vesi 45. Paliponse ophunzirawo akungolandira.

Chimene awiriwa ankasowa sichinali nkhani. Werengani mavesi 19 mpaka 24 mwachifatse. Akudziwa kuti Yesu anali mneneri wamphamvu, kuti anapachikidwa, kuti lero ndi tsiku lachitatu, kuti amayi apeza manda ali pululu, kuti angelo anena kuti ali moyo, ndiponso kuti anzawo apita kukaona n'kupeza zili momwemo. Zonse zimene timavomereza m'chikhulupiriro zili pakamwa pawo, koma akuzinena nkhope zili zakugwa. Vuto likuonekera pa vesi 21: ankayembekeza wowombola Israele, ndipo m'chiyembekezo chawocho munalibe malo a Mesiya wophedwa pamtanda. Yesu anali atawauziratu katatu konse, monga tikuonera pa Marko 8:31, 9:31 ndi 10:33-34, koma Luka 18:34 akuti mawuwo anabisika kwa iwo. Zimene anali atatsimikiza kale mumtima zinawaphimba m'maso.

Tsopano onani m'mene Yesu akuchitira nawo, chifukwa mlaliki ndi mphunzitsi aliyense wa kalasi ayenera kuphunzirapo. Akuyamba ndi kuyenda nawo. Kenako akufunsa, kawiri, ndipo akuwasiya alankhule mpaka atsirize, ngakhale kuti akufotokozera mwini nkhani nkhani yake yomwe. Chidzudzulo chikubwera pambuyo pake, ndipo ndi chachifupi. Gawo lalikulu la ulendo likuthera pa kumasulira malembo, kuyambira kwa Mose mpaka aneneri onse, pofuna kuonetsa kuti Khristu anayenera kumva zowawa asanalowe mu ulemerero. Atafika pamudzi akuchita ngati akupitirira, mpaka iwo eni akumuumiriza kuti akhale nawo poti kwada. Patebulo akutenga mkate, akudalitsa, akunyema, akuwapatsa, monga anachitira podyetsa anthu 5,000 pa Luka 9:16. Pamenepo mpamene maso akutseguka, ndipo nthawi yomweyo iye sakuonekanso. Mitima inayamba kutentha panjira, maso asanaone kanthu. Ora lomwelo awiriwa akunyamuka, usikuusiku, kubwerera makilomita 11 aja.

Ife timatembenuza ndondomekoyi. Timayamba ndi chidzudzulo, munthu asanatulutse n'komwe chimene chikumuvuta, ndiye amangotseka pakamwa, kukayika kwake n'kukhazikika m'kati. Tikatero timati wauma mtima.

Cholakwika china n'kuganiza kuti tikachulukitsa umboni kapena zozizwitsa, munthu akhulupirira basi. Alonda a pamanda anaona zimene zinachitika, koma Mateyu 28:11-15 akuti analandira ndalama n'kukafalitsa kuti mtembo unabedwa. Lazaro ataukitsidwa, ansembe aakulu anapangana zomupha iyenso, malinga ndi Yohane 12:10-11. Yesu mwini, m'fanizo la pa Luka 16:31, anati amene samvera Mose ndi aneneri sadzatembenuka ngakhale wina auke kwa akufa. Izi sizikutanthauza kuti umboni ndi wachabe. Paulo, polembera Akorinto zaka pafupifupi 25 Yesu atapachikidwa, anatchula mboni mwatsatanetsatane: Kefa (ndiye Petro), khumi ndi awiri aja, abale oposa 500 nthawi imodzi, ambiri a iwo akadali moyo, Yakobo, kenako iye mwini. Yesu anaonetsa manja ndi mapazi, nadya nsomba yowotcha pamaso pa ophunzira ake. Umboni uperekedwe wonse, mosabisa. Koma pa Luka 24:41 ophunzira akumuona, akusangalala, komabe sakukhulupirira, kufikira iye atatsegula nzeru zawo pa vesi 45.

Palinso ena amene amva mawu akuti vumbulutso n'kuwathamangitsira kwina. Kwa iwo vumbulutso ndi loto kapena uthenga watsopano umene munthu mmodzi walandira, umene wina aliyense saloledwa kuufunsa. Amene wafunsa amatchedwa wakhungu. Izi n'zoopsa, ndipo zaononga mipingo ndi mabanja. Chimene chinatsegulidwa pa njira ya ku Emau ndi malembo akale amene Myuda aliyense ankawamva m'sunagoge Sabata lililonse. Ndipo awiri aja atafika ku Yerusalemu, umboni wawo unakumana ndi wa Simoni Petro, n'kugwirizana. Vumbulutso lokana kuyesedwa ndi malembo komanso ndi mboni zina silifanana ndi la tsiku lija.

Tisayembekezerenso kuti maso atseguka kamodzin'kamodzi. Pa Marko 8:22-26, munthu wa ku Betsaida atakhudzidwa koyamba anaona anthu ngati mitengo yoyenda. Anaona bwino atakhudzidwa kachiwiri. Marko anaika nkhaniyi patangotsala pang'ono kuti Petro avomereze kuti Yesu ndi Khristu, kenako n'kukana za mtanda: Petro nayenso ankaona mwa theka. Mariya wa Magadala anayesa Yesu wosamalira munda mpaka atamutchula dzina. Ku nyanja ya Tiberiya, ngalawa ili mikono 200 kuchokera kumtunda, pafupifupi mamita 90, sanamuzindikire mpaka ukonde utadzaza nsomba 153. Ngakhale pa phiri la ku Galileya, Mateyu 28:17 akuti anamulambira koma ena anakayika, ndipo okayikawo anatumidwa pamodzi ndi anzawo.

Ndichenjezeko pang'ono za abale ndi alongo athu osaona amene amakhala m'mipingo yathu. Tikamalalikira za khungu tisalankhule ngati kusaona kwa thupi ndi chizindikiro cha tchimo. Yesu anakana maganizo amenewo poyera pa Yohane 9:3.

Inde, 2 Akorinto 4:4 akunena za mulungu wa nthawi ino amene wachititsa khungu maganizo a osakhulupirira. Koma wolemba mawuwa ndi Paulo, Saulo uja amene anakhala masiku atatu osaona ku Damasiko, mpaka Hananiya atamusanjika manja n'kumutcha mbale. N'chifukwa chake pa vesi 6 akuyerekeza kuona kwake ndi kuwala kumene Mulungu analamula kuti kutuluke mumdima pa chilengedwe. Sakudzitama kuti anali wochenjera kuposa ena.

Pempho langa kwa abusa, ansembe ndi aphunzitsi a makalasi ndi lakuti wofunsa za kuuka musamuchotse pagulu, musamuchititsenso manyazi pamaso pa anzake. Mufunseni chimene ankayembekeza, muwerenge naye malembo, mumupempherere, ndipo akhale nanu patebulo. Tomasi ananena mosabisa kuti sakhulupirira, koma Yohane 20:26 akuti patapita masiku asanu ndi atatu anali adakali pamodzi ndi anzake m'nyumba, zitseko zili zotseka, pamene Yesu analowa.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu