Za bra yako ija, mnzanga

Wokondedwa mnzanga,

Moni kwa iwe ndi ana kumeneko. Kuno tonse tili bwino, kungoti takusowa kwambiri.

Uthenga wako ndaulandira, ndipo pamene unalemba kuti "mwina thupi langa ndi limene linasokonekera nditasiya kuyamwitsa" mtima unandiwawa. Iwe, thupi lako lilibe mlandu. Zonse wandiuza zija, zingwe zokumba m'mapewa, lamba wokwera kumsana, makapu otsala ndi mpata pamwamba, waya wokubaya cha kukhwapa, zikusonyeza kuti bra imene ukuvalayo inasokedwera thupi lina, osati lako. Saizi ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi. Mbali ina, imene ambiri sitiuzidwa, ndi kaumbidwe ka bere ndi kasokedwe ka kapu.

Ndiyambe ndi lamba wa pansi uja wozungulira nthiti, chifukwa akalakwika iyeyo china chilichonse chimalakwika. Ambirife timaganiza kuti zingwe za m'mapewa ndi zimene zimanyamula mabere, koma ntchito yaikulu ndi ya lamba. Lamba akakhala wokhwepa, kulemera kwa mabere kumakokera kutsogolo kwa bra pansi, kumbuyo n'kukwera. Iwe poona choncho umafupikitsa zingwe, ndipo zingwe zikafupika zimakwezeratu lamba uja mpaka pakati pa mapewa. Katundu yense amathera pa tizingwe tiwiri, n'chifukwa chake madzulo ukamavula umapeza mizere yozama ija, khosi lili gwaa.

Ima cham'mbali pagalasi uone. Lamba ayenera kukhala pamzere umodzi, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Zala ziwiri zizilowa pansi pake, koma asamakokeke mpaka kutali ndi msana. Kweza manja m'mwamba: bra ikakwera nawo, mabere n'kusuzumira pansi pa waya, lambayo wakula. Ndipo pali njira ina imene ndimaikonda. Vala bra chotembenuza, makapu akhale kumsana, timbedza kutsogolo. Pamenepo ukumva lamba yekha popanda makapu kusokoneza. Azimayi ambiri amati lamba akuwathina, n'kugula wamkulu, pomwe chimene chikuthina ndi kapu yaing'ono: bere likasowa malo m'kapu limakankha bra yonse, ndiye lamba amamveka ngati wachepa. Bra yatsopano uzikoloweka pa timbedza ta kumapeto, pamene lamba ali womasuka kwambiri, kuti lasitiki ikamatopa uzilowera m'kati pang'onopang'ono.

Tsopano manambala unanditumizira aja. Wati umavala 38B, koma utayeza ndi tepi ya atelala wapeza mainchesi 34 pansi pa mabere ndi 39 pamwamba pake ponenepa. Kalekale ankaphunzitsa kuti uziwonjezera 4 pa muyeso wa pansi, ndipo ena amaphunzitsabe choncho. Mwina ndi mmene 38 wakoyo anabwerera. Koma nsalu za masiku ano zimatamuka, moti ukawonjezera umapeza lamba wongolendewera. Yambira pa 34. Kenako chotsa 34 pa 39, watsala ndi 5. Inchi iliyonse, yomwe ndi masentimita 2.54, ndi chilembo chimodzi: 1 ndi A, 2 ndi B, 3 ndi C, 4 ndi D, 5 ndi DD. Ndiye poyambira pako ndi 34DD.

Ndikudziwa, wadzidzimuka. Ukuti, "Ine DD? Ndi mabere angawa?" Mvetsera. Chilembo pachokha sichinena kukula kwa bere, chimangonena kusiyana kwa miyeso iwiri ija. Kapu ya 38B, ya 36C ndi ya 34D zimalowa bere lofanana kukula. Chimene chikusintha ndi kutalika kwa lamba. Choncho 34DD yangoposa kapu imene ukuvala panopa ndi sitepe imodzi yokha. Usunge lamulo limeneli: ukatsitsa nambala ya lamba, kweza chilembo kuti kapu ikhale yomweyo. Ndipo poti uli kutali, yang'anitsitsa kalembedwe ka pa kapepala. Lamba amene ku UK amamulemba 34, m'maiko ambiri a ku Europe amamulemba 75, ku France 90. Zilembo nazo zimapatukana ukadutsa D: ku UK amapita DD, E, F, FF, pomwe makampani ambiri a ku America amapita DD, DDD. Tepi imangokufikitsa pakhomo. Woweruza weniweni ndi thupi lako bra ili pathupi.

Kavalidwe nako n'kofunika. Ukakoloweka, werama pang'ono, lowetsa dzanja m'kapu kuchokera cha kukhwapa, ukokere mnofu wonse kutsogolo kuti ulowe m'kati mwa waya. Chita mbali zonse ziwiri. Nthawi zambiri kapu imene imaoneka yaikulu imadzaza pomwepo, mwinanso kusefukira. Ukatero, ona kansalu ka pakati kolumikiza makapu: pa bra ya waya kayenera kugona pafupa la pachifuwa, osati kuyandama. Tsatira waya ndi chala kuyambira pakati mpaka kukhwapa. Akhale pa nthiti, m'mphepete mwenimweni mmene bere layambira. Ukamudina n'kumva kuti pansi pake pali pofewa, wakhala pa bere, ndipo ndiye amene akukubaya uja.

Tifike pa mpata wa pamwamba uja, womwe wakuvutitsa kwambiri maganizo. Munthu akaona mpata amathamangira kunena kuti kapu yakula, n'kutenga yaing'ono. Nthawi zina n'zoona. Koma taganiza za mbale ziwiri, ina yophwatalala, ina yozama, zonse zolowa madzi ofanana. Mabere alinso choncho. Ena anayala pachifuwa, kuyambira m'mwamba cha kufupi ndi fupa la m'khosi mpaka cha kukhwapa, osatulukira kwambiri kutsogolo. Ena tsinde lake ndi laling'ono koma anatulukira kutsogolo. Azimayi awiri angathe kukhala ndi saizi imodzi, wina bra n'kumukhala bwino, winayo n'kumuzunza.

Ma bra a siponji osalala aja, opanda msoko, amene timawakonda chifukwa saonekera m'malaya, ambiri ndi osazama ndipo anaumbidwa kale. Sasintha kutsatira bere. Amafuna kuti bere litsatire iwo. Amene mabere awo anayala nthawi zambiri amawakhala bwino. Koma bere lotulukira kutsogolo likalowa m'kapu yosazama limasowa kopita, ndiye limakankhira waya pansi. Upeza kuti pofika masana bra yatsetsereka, pansi pa kapu pamwamba pa waya papindika, kansalu ka pakati kanyamuka, pamwamba patseguka. Kapu ikuoneka yaikulu ndi yaing'ono nthawi imodzi. Apa kusintha saizi sikuthandiza. Pakufunika kapu yosokedwa ndi zidutswa ziwiri kapena zitatu za nsalu, chifukwa misoko ndi imene imapatsa kapu kuzama. Ndikudziwa kuti ambiri amaiderera kuti ndi ya azimayi akuluakulu, koma ine ndimaiikira kumbuyo. Imanyamula bwino kuposa siponji, ndipo kukatentha simachititsa thukuta kwambiri.

Chachiwiri ndi kumene bere ladzaza. Vula, werama mpaka msana ugone, uyang'ane pagalasi cham'mbali. Ona ngati mnofu wambiri uli pamwamba pa nsonga ya bere, cha kukhosi, kapena pansi pake, cha kumimba. Malinga ndi mmene wafotokozera, ndikuganiza kuti ako adzaza pansi, ndipo ndi zimene zimachitika kwa azimayi ambiri akasiya kuyamwitsa: bere limafewa, pamwamba pamaphwa. Ukavala kapu yaitali yophimba bere lonse, makamaka ya siponji, pamwambapo pamakhala mphako. Iwe funa kapu yosatalika kwambiri, imene m'mphepete mwake mwa pamwamba mumabwerera cha kuchifuwa, kapena imene chidutswa chake cha pamwamba ndi lesi yotamuka. Lesi yotere imagona pakhungu bwinobwino, ndipo masiku oyandikira kusamba, mabere akatupa, imatamuka nawo. Mng'ono wako uja amene umati bra iliyonse imamudula pamwamba mpaka kuoneka ngati ali ndi mabere anayi, vuto lake ndi losiyana ndi lako. Ngati wakweza chilembo koma ikumudulabe, ake adzaza pamwamba, ndipo amafunika kapu yotseguka pamwamba, monga zija zofika theka la bere zokhala ndi misoko yoimirira.

Onanso mpata wa pakati pa mabere. Akakhala oyandikana kwambiri, moti ngakhale chala chimodzi chimavuta kugona pakati, kansalu ka pakati kakatalika kamakhala pa bere n'kumapweteka. Pamenepo imathandiza ndi ija amati plunge, yomwe mawaya ake amakumana m'munsi. Kungoti bere likakhala lofewa kwambiri limatha kugwera pakati mu plunge yotsika kwambiri, ndiye uyese kuwerama ndi kudumpha pang'ono usanagule. Mabere akakhala otalikirana kapena oloza cha kumbali, ija amati balconette, ya makapu osatalika odulidwa mopingasa pamwamba, imakhala bwino, makamaka yokhala ndi chidutswa cha nsalu cha kukhwapa chokankhira bere kutsogolo. Koma zingwe za balconette zimakhala kumapeto kwenikweni kwa phewa. Iwe mapewa ako ndi otsetsereka, ndikukumbukira mmene chikwama chinkakugwera, ndiye zikamapulumuka usalimbane nazo pozifupikitsa. Funa bra imene zingwe zake zimayambira pakati pa kapu, kapena yolumikiza zingwe kumsana.

Waya nayenso ali ndi m'lifupi mwake. Kweza dzanja uone pamene bere lathera cha kukhwapa. Waya wopapatiza amakhala pa bere. Wotambalala kwambiri amapitirira mpaka kumbali, n'kusiya malo opanda kanthu m'kapu ndipo amakhula nthiti. Makampani amasiyana pa zimenezi, moti ukapeza mtundu umene waya wake watsatira bere lako ndendende, ulembe dzina lake penapake.

Zoti bere lina ndi lalikulu kuposa linzake zisakudetse nkhawa, azimayi ochuluka ali choncho. Gula yokwana lalikululo, mbali inayo ufupikitse chingwe pang'ono kapena uikemo kasiponji kochotseka. Koma apa ndikuuze mosapita m'mbali, chifukwa ndimakukonda. Ngati kusiyanako kwayamba posachedwa, kapena wamva chotupa m'bere kapena m'khwapa, khungu lalowa m'kati kapena lachita timaenje, nsonga yabwerera m'kati kapena ikutulutsa magazi, imeneyo si nkhani ya bra. Pita kuchipatala akakuone, osadikira. Za mphekesera ija yoti waya amayambitsa khansa, usaope: kafukufuku amene anachitika ku Seattle, m'dziko la America, n'kufalitsidwa mu 2014, sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa kuvala bra ndi khansa ya m'mawere. Waya wokwana sapweteka, ndipo ngati sumufuna, ma bra opanda waya osokedwa bwino aliponso, kungoti kansalu kawo ka pakati sikagona pafupa ngati ka enawo. Zidzolo za pansi pa bere zija zimabwera chifukwa cha thukuta ndi khungu kukhulana. Bra yonyamula bere kulichotsa pa nthiti imathandiza, komanso uziumitsa bwino pamenepo ukasamba. Zikapanda kutha, kapena pakayamba kusupuka, ukaonetse.

Wati wayamba kuthamanga m'mawa, ndasangalala. Bere lilibe minofu yolinyamula, limangogwiridwa ndi khungu ndi timitsempha topyapyala ta m'kati, ndiye pothamanga limafuna bra yakeyake. Zija zongovala ngati kamalaya, zofinyira mabere pachifuwa, zimakwanira a mabere aang'ono. Pa saizi yako funa yokhala ndi kapu ya bere lililonse payokha, lamba wa timbedza ndi zingwe zonenepa.

Ukaipeza yokukwana, uisamale. Chapa pamanja ndi madzi ozizira, usaipotokole pofinya, ndipo usaiumitse pa moto kapena m'makina otentha, chifukwa kutentha kumapha lasitiki. Ngati ungathe khala ndi ziwiri kapena zitatu zosinthanitsa kuti lasitiki izipuma. Tsiku limene udzafike pa timbedza ta m'kati kwenikweni koma lamba n'kumakwerabe, yatha ntchito. Ndipo thupi likasintha, kaya wanenepa, waonda kapena wayembekezeranso, tenganso tepi.

Ukapita kukagula, tenga 34DD, 34E ndi 36D, ulowe nazo zonse m'chipinda choyesera, ndipo pakhale ya siponji imodzi ndi yamisoko imodzi kuti uone wekha kusiyana kwake. Khala nayo mphindi zingapo, ukhale pansi, uwerame, ukweze manja, kenako uvale malaya opyapyala pamwamba. Masiku oyamba lamba wa 34 adzamveka wogwira kuposa amene unazolowera, koma asakulepheretse kupuma bwino. Akatero, 36D ija ndi imene ili yako. Ngati ukugula pa intaneti, yamba waona ngati amalola kubweza, ndipo usadule kapepala usanatsimikize.

Undilembere zimene upeze, makamaka za kansalu ka pakati ndi pamene waya akuthera, kuti tione limodzi ngati pali pofunika kusintha. Undiperekere moni kwa bambo a kunyumba ndi ana, ndipo uuze mng'ono wakoyo ayeze naye anditumizire manambala ake.

Ndine mnzako wa pamtima.