Kwa akhristu onse a mpingo wathu: maliro sathera pa foni (kalata yolembedwa m'nthawi ya mliri wa Covid-19)

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Chandilembetsa kalatayi ndi amayi athu ena amene aika amuna awo m'manda mwezi uno. Bambowo atagonekedwa m'chipatala ndi Covid-19, amayiwa sanaloledwe kulowa mu wodi. Anatsanzikana pa foni imene namwino anawagwirira wodwalayo kukhutu. Kumanda kunapita anthu owerengeka, enanu munaonera pa Zoom ndi pa Facebook, ndipo munalipo ambiri ndithu. Koma nditawaimbira amayiwa posachedwapa anandiuza kuti chiikire maliro sanamveko mawu a munthu wa mumpingo muno. Foni yadzaza ndi ma "RIP" ndi tizithunzi ta manja opemphera, basi.

Musandimve molakwa. Maliro a pa intaneti sindikuwanyoza, ndipo tipitiriza kuwachita. Chilengezere bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO pa 11 March 2020 kuti matendawa ndi mliri wa dziko lonse, taphunzira kuti kachilomboka kamayenda mu mpweya wa amoyo: polira, poimba, pokumbatirana. Munthu akhoza kukhala nako mpaka masiku 14 asanadwale, kapena osadwala n'komwe, uku akupatsira ena. Sindifuna kuti maliro amodzi abale ena atatu. Achibale amene aloledwa kuona nkhope aone, koma asakhudze kapena kupsompsona thupi.

Chimene ndikudzudzula ndi ulesi wa mtima. Tasandutsa maliro kukhala chinthu choonera. Wina akutsegula Zoom ali mkati mochapa, wina wayiwala kutseka maikolofoni ndipo tonse tikumva akukalipira ana pamene bokosi likutsikira m'manda. Pemphero lomaliza lisanathe, watuluka. Mumtima mwake akuti wapepesa. Wapepesa yani? "Lirani nawo akulira" (Aroma 12:15). Zilembo zitatu za "RIP" zolembedwa ndi chala chimodzi, kodi kumeneko ndiye kulira nawo? Kale unkati ukafika pakhomo pa anamfedwa, ngakhale usowe chonena, kukhala kwako pansi kunkalankhula. M'nthawi ya mliriyi njira imeneyo yatsekedwa, chatsala ndi mawu ako, ndiye mawu omwewo ukuwaumira. Enanu mumati mumaopa kuti simudziwa chonena. Nenani zomwezo: "Amayi, ndilibe mawu, ndangoti ndimve kuti mwadzuka bwanji." Akayamba kulira musadule foni, musawalalikire, khalani chete mumvetsere. "Yesu analira" (Yohane 11:35).

Ndipo kumbukirani kuti chisoni cha masiku ano n'cholemera kuposa chimene tinazolowera. Munthu amene sanasamalire wodwala wake, sanamugwire dzanja, mwina anali yekha m'chipinda chobindikiritsidwa pamene anzake amaika maliro, mtima wake umachedwa kuvomereza. Ena amadziimba mlandu kuti ndiwo anabweretsa matenda m'nyumba. Oterewa sabata yoyamba amakhala ngati alimba. Povuta ndi pamene mauthenga aleka kubwera.

Tsono kuyambira sabata ino, mkulu wa mpingo aliyense alembe maina a mabanja oferedwa a m'dera lake, ndipo banja lililonse lipatsidwe anthu awiri oliimbira foni, mawu enieni osati uthenga, sabata iliyonse kwa miyezi itatu. Maina afike kwa alembi Lachisanu lisanafike.

Achinyamata odziwa za mafoni, tikufuna anayi oti aziyendetsa Zoom pa maliro ndi kutseka maikolofoni a anthu. Zoom yaulere imaduka pakatha mphindi 40, monga zinachitikira ulaliki uli mkati, choncho tikufuna kulipira yosaduka ndi kugulira mayunitsi anamfedwa ndi okalamba. Zopereka zanu tumizani kwa msungichuma, mulembepo kuti "maliro".

Ine mbusa wanu mwa Khristu.