Kalata kwa Nambewe, za dzina la mwana wathu

Dedza

Wokondedwa mnzanga Nambewe,

Uthenga wakuti wachira unandipeza ndili pa mjigo. Ndinatula ndowa n'kuyamba kululutira, amayi anzanga n'kumandiyang'ana ngati ndapenga, mpaka nditawauza kuti ndi iwe, mwana wa malemu a Nangozo, wabereka mwana wamkazi ku Leeds. Amene ankakudziwa analulutira nane. Zaka 11 zodikira mwana si masewera, mnzanga. Ndikukumbukira mafoni ako a usiku pamene unapita padera koyamba, ndi kachiwiri komwe, pamene sunkatha n'kulankhula komwe koma kungolira ine ndikumvetsera. Lero ndikulemba uku chithunzi cha mwanayo chili pambali panga. Mphuno ija ndi ya amayi ako.

Wandipatsa udindo waukulu wonditi nditche mwanayu dzina. Kumudzi ntchito imeneyi ikanakhala ya agogo ake kapena azakhali ake, ndipo ndikudziwa kuti wandisankha chifukwa amayi anatisiya. Sindinautenge mopepuka. Ndagona nawo masiku anayi, ndipo dzina limene lakana kuchoka mumtima mwanga ndi Chisomo.

Ndikudziwa kale zimene unene: lawanda. N'zoona. M'kalasi langa la Sitandade 4 chaka chino muli a Chisomo atatu, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi, moti ndikaitana dzinali mitu itatu imatembenuka. Uyende pa msika wa pa boma pano, upeza okala yolembedwa Chisomo, saluni ya Chisomo, minibasi yopita ku Lilongwe italembedwa kumbuyo kuti "Ndi chisomo". Koma kuwanda kwa dzina sikulichotsera mphamvu. Kumene uliko, Olivia lakhala dzina loyamba kutchuka pa ana aakazi ku England ndi Wales kwa zaka zingapo zotsatizana kuyambira 2016, ndipo makolo sanasiye kulitcha. Dzina limawanda chifukwa anthu ambiri apezamo mawu a zimene zili mumtima mwawo. Chimene chimafunika n'chakuti kodi kwa mwana uyu likunena zoona. Kwa mwana wako, ndani angatsutse?

Ndikufuna ndikuuze pang'ono kumene mawuwa achokera, chifukwa tsiku lina adzakufunsa, ndipo sindikufuna udzangomuyankha kuti ndi Grace wa m'Chichewa basi. Mawu akuti chisomo ndi athu, analipo kale azungu a mishoni asanabwere. Agogo anga akamati "mwana uyu ndi wa chisomo" sankanena za kutchalitchi ayi. Ankanena za mwana amene aliyense amafuna kumunyamula, amene akalowa m'nyumba anthu amamasuka nkhope, amene ngakhale walakwa mtima wako umakanika kumusungira mkwiyo. Panali atsikana okongola koma opanda chisomo, ndipo panali ena a nkhope wamba amene mudzi wonse unkawakonda. Iwe ndi ine tikuwadziwa a mitundu yonse iwiri.

Ndiye anthu omasulira Baibulo atafuna mawu onena za kukoma mtima kwa Mulungu kumene munthu sakugwirira ntchito, anatola mawu omwewa. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, ntchito imene William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed anaitsogolera pamodzi ndi anzake, ndi Amalawi amene ankawathandiza kupeza mawu oyenera. Kuchokera pamenepo mawuwa akhala akumveka pa mapeto a mapemphero Lamulungu lililonse: "Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu, ndi chikondi cha Mulungu, ndi chiyanjano cha Mzimu Woyera." Ukaona bwino, m'mawu ochepa amenewa muli maina atatu amene timatcha ana athu: Chisomo, Chikondi, Chiyanjano. Ife tinakulira m'mpingo wa Sinodi ya Nkhoma, tinaloweza mawuwa tisanadziwe n'kuwerenga komwe. Anzathu a Katolika pa pemphero la Maria amati "wa chaulere chodzadza", kutsindika mbali yakuti ndi chinthu cholandira ulere. Koma dzina limene linalowa m'nyumba za anthu a mipingo yonse ndi Chisomo.

Vesi limene ndimalikonda pa nkhaniyi ndi Luka 2:52, pamene akuti Yesu anakula m'nzeru ndi mu msinkhu, ndi m'chisomo cha pa Mulungu ndi cha pa anthu. Pamenepo matanthauzo awiri aja akumana, la agogo anga ndi la kutchalitchi. Ndi zimene ndikumufunira mwana wako. Akukulira m'dziko la eni, kumene adzakhala wa khungu losiyana ndi anzake ambiri m'kalasi. Adzafunika chisomo cha pa anthu tsiku ndi tsiku, kwa aphunzitsi, kwa anansi, kwa anthu amene inu makolo simudzawaona n'komwe.

Wanena kuti bambo ake akufuna Grace, kuti asadzavutike ku sukulu ndi pofuna ntchito. Uwapatse ulemu wanga, ndipo uwauze kuti nkhawa yawo ndaimva, si yopanda pake. Koma taganizirani. Pa maina athu onse, Chisomo ndi limodzi mwa osavuta pa lilime la mzungu. Si Mphatso, limene amakakamira pa "mph", si Chimwemwe kapena Ndaziona. Chi-so-mo, maphatikizo atatu oyera, ndipo "ch" wake ndi yemweyo amene iwo ali naye m'chilankhulo chawo. Ngati atha kutchula maina a ana a ku Poland ndi ku Nigeria amene adzaza m'masukulu a kumeneko, ili silingawagonjetse. Grace likhoza kubwera pachiwiri ngati akulifunitsitsa, ngakhale kuti kutero n'kutcha mwana dzina limodzi kawiri. Ndipo si awiri okhawa amene ali pa ubale. Hana wa m'Baibulo, mayi uja anapempha mwana kwa zaka mpaka wansembe Eli kumuyesa woledzera, dzina lake m'Chihebri limanenanso za chisomo, ndipo Anna linachokera pomwepo. Yohane nalonso limatanthauza kuti Yehova wachita chisomo. Nditakumbukira za Hana ndinaganiza za iwe, ndipo ndi pamene ndinatsimikiza.

Chimene ndikukana n'chakuti dzina la kwathu libisike pakati, kumangooneka pa pasipoti. Ndaona ana a abale athu obwera pa holide kuchokera ku Joni ndi ku Ulaya, ukawaitana ndi dzina la Chichewa osatembenuka, chifukwa palibe amene amawaitana nalo. Dzina limakhala moyo pakamwa pa anthu.

Pali china chimene chakhala chikundizungulira m'mutu. Taganiza maina a anthu a msinkhu wa makolo athu ndi ena a msinkhu wathu: Mabvuto, Masautso, Maliro, Mwatitha. Atsibweni anga anali a Manda. Anabadwa ana atatu atatsogola kale, ndipo agogo anati nayenso ndi wa kumanda yemweyu, tisadzivute. Ena amati dzina loipa linkateteza mwana kuti imfa isamusirire, ena ankangotulutsa zowawa za mumtima, enanso ankaponyera mawu mnansi amene ankamuganizira. Sindiwaweruza. Kafukufuku wa za umoyo wa 1992 anapeza kuti pa ana 1,000 obadwa m'Malawi, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa 63. Ine ndimaona kuti kusintha kwa maina kwayendera limodzi ndi zimenezi, pamodzi ndi kukula kwa mipingo. Mayi amene akuyembekeza kuti mwana wake akula amalimba mtima kumutcha Tadala, Takondwa, Madalitso, Chisomo. Atsibweni a Manda aja anakhala mpaka imvi, koma moyo wawo wonse ananyamula chisoni cha ana amene sanawaone. Iwe wadutsa m'zowawa zokwanira kutcha mwana Masautso, ndipo palibe akanakudzudzula. Koma ndikufuna mwanayu anyamule mbali ina ya nkhani yako.

Chinthu chimodzi chokha chimandiwawa pa mmene mawuwa akugwiritsidwira ntchito masiku ano. Munthu akagula galimoto akuti chisomo, akapeza visa akuti chisomo, wina akalemera mosadziwika bwino akuti ali pa chisomo. Zafika poti chisomo chikumveka ngati mwayi wa ndalama, ndipo wosauka aziona ngati iye chinamulambalala. Udzamuphunzitse kuti dzina lake silikunena zimenezo. Likunena kuti iye mwini ndiye chinthu chimene munalandira osachigula, madokotala atayesa zawo, inu mutatopa n'kupemphera komwe.

Pa kalembedwe, mulembe ndi "Ch". Ukatsegula Baibulo lakale la amayi ako lija upeza analemba "cisomo", chifukwa kale ankalemba choncho, mpaka malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 atakhazikitsa "ch". Ku Zambia m'mabuku a Cinyanja akadalembabe ndi "c" yekha. Ku England uko mukalemba Cisomo azimuitana Sisomo, ndiye musayerekeze. Ndamva kuti ku England lamulo limapereka masiku 42 kuti mwana alembetsedwe, choncho nthawi yokambirana ndi bambo ake ilipo, musathamange. Ngakhale kuno dzina linkadikira kuti mchombo ugwe, mwana atuluke m'chikuta. Ndani akukuthandiza masiku amenewa? Ukudya mokwanira? Phala la mgaiwa ukulipeza? Zikundiwawa kuti sindili pafupi kuti ndikuphikire ndi kukuchapira matewera.

Mwambo umati wotcha dzina sabwera chimanjamanja. Ndagula zitenje ziwiri zoberekera, ndipo ndaikamo ndi kandalama kochepa m'kona mwa chimodzi, monga ankachitira amayi ako. Mwana wa achimwene anga amene amaphunzira ku Manchester akubwerera mwezi wamawa, ndimupatsira. Nkhuku ndiye ndaisunga, thadzi lofiira, lizikuswerani mpaka mudzabwere.

Loweruka madzulo ndikakhala pa boma pamene netiweki imagwira bwino. Udzaimbe pa vidiyo, umuyandikitse foni kukhutu, ndikufuna ndimuitane ndekha koyamba. Ndipo bambo ake akavomera, udziwe kuti Nambewe ndikukuitana komaliza m'kalata ino. Yotsatira idzayamba ndi "Make Chisomo".

Moni kwa bambo a kunyumba. Onse kuno akupereka mafuno abwino.

Ndine mnzako,
Naphiri