Anavulalira pa njanji ya ku Nacala, mapepala anapita ndi madzi, tiyambire pati?

Zikomo Alangizi,

Kalatayi ndikulemba bambo a kunyumba asakudziwa. Atadziwa akhoza kundikalipira, poti kwa iwo msilikali sadandaula, ndipo za ku ntchito sazitulutsira kunja ngakhale ntchitoyo anapuma kalekale. Koma amene ndimawadzutsa m'mawa chiuno chikauma ndine, ndiye mundilole ndiyankhuleko.

Bambowa anali m'gulu la asilikali a dziko lino amene boma linawatumiza ku Mozambique kuyambira 1987 kukalondera njanji yopita ku doko la Nacala, nthawi imene Renamo imalimbana ndi boma la Frelimo. Achinyamata a lero sadziwa n'komwe kuti asilikali athu anakafera kumeneko, amangodziwa za ku DRC basi. Galimoto imene anakwera inaponda bomba lokwirira pansi. Anzawo ena sanabwerere. Iwo anapulumuka, koma khutu lakumanzere linatsekeka tsiku lomwelo ndipo chiuno chinasokonekera. Atachira anabwerera pa ntchito, nkhondo ija n'kutha mu 1992, iwo n'kupitiriza mpaka kupuma mu 2004. Ndalama yopumira analandira, penshoni imabwera. Apa sindinganame. Koma chipukutamisozi cha kuvulala kuja sanapemphepo, akuti nthawi imeneyo anali ndi mphamvu ndipo ankaona ngati kupempha n'kudzionetsa ulesi pamaso pa anzawo.

Lero mphamvu zija zinatha. Amayendera ndodo, ndipo kuchoka kuno ku Chikanda kukafika mu msika wa Zomba ndi pa kabaza basi, kukwera kwakenso mochita kuwagwira. Ndikamawayankhula ndimazungulira kudzanja lamanja, apo ayi ndikuyankhula ndi khoma. Wailesi amaitsegula mpaka aneba kudziwa nkhani zonse za tsikulo. Usiku wa pa 31 December ana akayamba kuphulitsa makombola, ndimawapeza atakhala tsonga pa mkeka, thukuta lili kamukamu, osayankhula. Penshoni ija imathera mankhwala opha ululu ndi mafuta otikitira, mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Chimene chandilembetsa ndi mapepala. Onse ankasunga mu thiranki yachitsulo pansi pa bedi: buku lotulukira ntchito, makadi a kuchipatala cha asilikali, chithunzi cha X-ray, ngakhale kalata imene mkulu wawo analemba za ngoziyo. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera khoma lakuchipinda, mtsinje wa Likangala utasefukira. Thiranki tinaipeza patapita masiku atatu itadzaza matope. Ndinayesa kuyanika mapepalawo pa lichero limodzilimodzi, koma amangonyenyeka m'manja ngati chigumu. Chatsala ndi mendulo ziwiri ndi nambala yawo ya ntchito, imene amaitchula osaphonya ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera bambo wina wovala jekete, chikwama cha mapepala kukhwapa, akuti anamva za ife kwa mnzawo wa bambo. Akuti amadziwana ndi maloya komanso "akuluakulu a ku Lilongwe", ndipo nkhani ngati yathuyi amaitulutsa pa miyezi itatu. Akufuna K150,000 yotsegulira failo, kenako ndalama zikatuluka gawo limodzi mwa magawo atatu likhale lake. Nditamufunsa kuti ofesi yake ili pati anangoseka, n'kunena kuti ofesi ndi foni yakeyo. Risiti akuti tidzalandira zonse zikatheka. Mwana wathu wamkulu akuti tigulitse mbuzi tiyesere mwayi. Ine mtima ukukana, akundionekera ngati dobadoba. Komanso ndikawayang'ana bambo akukwawira ku bafa, ndimadzifunsa ngati sindikutsekereza thandizo ndi mantha angawa.

Safunsa anadya phula, Alangizi. Choyamba ndikufuna kudziwa ngati nthawi sinatithere. Mphunzitsi wina wa ku tchalitchi kwathu anandiuza kuti milandu ya kuvulala ili ndi malire a zaka, ukachedwa khoti silimvanso. Nanga ngati bala ndi lakale koma kulumala kwake kwakula pano, amawerenga kuyambira liti? Ndipo msilikali amatsata njira yofanana ndi munthu wovulala pa esiteti ya tiyi kapena pa kampani, wopita ku ofesi ya zantchito, kapena asilikali ali ndi malamulo awoawo? Sindikufuna kukaima pa mzere tsiku lonse kuti madzulo andiuze kuti mwasochera mayi, si kuno.

Za maloya a boma a Legal Aid Bureau ndinamva, ndipo ofesi yawo ilipo konkuno ku Zomba. Amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, koma munthu wa penshoni amamuwerengera m'gulu limenelo? Nanga ine mkazi ndingakatule nkhaniyi m'malo mwawo, kapena mpaka mwiniwake akasaine yekha? Funso limeneli ndi limene likundisowetsa tulo, chifukwa mawu oti "kusumira boma" akangowamva amadzuka n'kukakhala panja. Amati analumbira kutumikira dziko, sangaliimike pa khoti. N'chifukwa chake ndimaganizako za ofesi ya Ombudsman, poti kumeneko ukadandaula sulipira ndipo si kukhoti. Mwina kumeneko angalole. Kaya nkhani yakale chonchi amailandira, mundiuze ndinu.

Pa za mapepala, ndikukhulupirira kuti failo ya msilikali sitayika, iyenera kuti ilipo penapake. Timalembera ndani kuti atipatse makope, ndipo nambala ya ntchito ndi chiphaso cha unzika n'zokwanira? Anzawo awiri amene anali nawo pa ulendo uja akadali moyo, mmodzi ali ku Jali, wina ku Domasi. Umboni wawo ungagwire ntchito atalumbira pamaso pa majisitireti? Dokotala wa lero angathe kulemba kuti kugontha ndi chiuno zinachokera ku bomba la zaka zoposa 30 zapitazo?

November aliyense bambo amasita malaya, n'kupachika mendulo zija ndi kaduwa kofiira ka popi kamene a bungwe la asilikali opuma la VELOM amagulitsa, ulendo ku chipilala chokumbukira asilikali a KAR, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, pafupi ndi Cobbe Barracks. Lipenga likalira amasiya ndodo m'manja mwanga, n'kuima njo mphindi ziwiri zonse, kenako sabata yathunthu ali gone ndi chiuno. Ndaganizapo zoti chaka chino ndikakokere pambali mmodzi wa akuluakulu a bungweli ndimufotokozere, mwina mawu a msilikali mnzawo angawamve kusiyana ndi anga. Koma ndikuopa kuwachititsa manyazi pagulu.

Wa jekete uja akuti abweranso pa 30 kudzatenga yankho. Mbuzi sindinagulitse.

Ndine,
Mayi wothedwa nzeru,
Chikanda, Zomba