Tibwezereni zisangalalo za masana mu Blantyre

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe zisangalalo zasinthira mumzinda wa Blantyre. Oyimba achuluka kuposa kale ndipo nyimbo zatsopano zikutuluka sabata ndi sabata pa wailesi ndi m'mafoni, koma kholo lofuna kupita ndi ana kukaona woyimba maso ndi maso kapena kukaonera sewero likusowa kolowera. Zoimbaimba zambiri zasamukira kumalo omwera mowa, kumene chikalata chimati zinthu ziyamba 8 koloko madzulo koma bandi imakwera pansanja pakati pa usiku. Munthu wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni amene alibe galimoto amadziwa kuti pofika nthawi yoweruka minibasi zimakhala zitasiya kuyenda, ndipo wakabaza usiku amatchula mtengo woposa umene munthu walipira pakhomo.

Amene tinakulira mumzinda uno sitinaiwale French Cultural Centre ku Chichiri. Lamulungu masana, anthu akachoka kutchalitchi, ankadzaza bwalo lija, amayi ndi ana kumbuyo, achinyamata atakhala mothithikana pamasitepe. Kumeneko ndi kumene Du Chisiza Jr. ndi gulu lake la Wakhumbata ankaonetsa masewero awo, ndiponso kumene Kwathu Drama Group, ya Izeki ndi Jakobo, inkaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti. Dzuwa likamapendeka zonse zinkakhala zitatha, aliyense n'kukwera galimoto ya kwawo kukadali kowala. A ku France atasiya malowo mu 2011, akuba anawasakaza; boma linawagula n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonza yakhala ikuyenda mozengereza kwa zaka zambiri, moti pali mbadwo wonse wa ana umene sudziwa zomwe malowo anali.

Ena anganene kuti malo alipo, n'kutchula Robin's Park, Comesa Hall ndi mahotela. Zoona alipo, koma amenewo ndi malo a malonda, ndipo sitingawanene chifukwa chofuna phindu. Gulu la zisudzo la achinyamata a ku Ndirande silingathe kulipira holo, kubwereka zokuzira mawu, kugula mafuta a jenereta poopa kuthima kwa magetsi, kenako n'kuyembekezera kuti ndalama za pakhomo zibweza zonsezo. Jacaranda Cultural Centre ku Mandala ikuyesetsa, koma payokha singasenze mzinda wonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi luso lenilenilo. Dera la Chileka lokha linatipatsa Daniel Kachamba, Robert Fumulani, Evison Matafale ndi Black Missionaries, ndipo luso lotere limakula pamene ana akuona akulu akuimba. Mwana amaphunzira gitala atakhala pafupi, akuyang'anitsitsa zala za woyimba, n'kupita kwawo kukakhoma chigubu ndi mawaya kuti ayesere. Kumalo omwera mowa mwanayo saloledwa, ndipo ndi bwino kuti saloledwa. Zotsatira zake tikuziona kale: oyimba ambiri achinyamata amajambula nyimbo yabwino pakompyuta, koma tsiku loonekera pagulu amangopereka flash kwa DJ n'kumakuwa pamwamba pa mawu awo omwe, chifukwa sanakhalepo ndi malo oyesererapo ndi woimba ng'oma kapena gitala. Zisudzo ndiye zavutika koposa, pakuti sewero silingachitike pakati pa phokoso la mabotolo.

Pempho langa kwa unduna woona za chikhalidwe ndi loti Blantyre Cultural Centre ikonzedwe yonse ndi kuyendetsedwa ngati nyumba ya aluso, osati ngati holo ina iliyonse yochititsa lendi. Mtengo wa magulu ang'onoang'ono ukhale wotsika ndi wodziwika, ndipo masana a Loweruka ndi Lamulungu asungidwire zisudzo, ndakatulo, magule ndi mabandi. Khonsolo ya mzinda nayo ipatule tsiku limodzi pamwezi m'maholo ake a m'madera kuti achinyamata azionetsa luso mwaulere, m'malo mongowasiyira maukwati ndi misonkhano. Oyimba amene atchuka kale, makamaka amene amadzaza malo usiku, angathe kuyamba okha osadikira boma: akonze zoimbaimba za 1 koloko masana, mtengo wa ana ukhale theka, ndipo asunge nthawi imene alemba pachikalata.

Wokonda zaluso,
Ndirande, Blantyre