Dokotala wokayikitsa apimidwe mwachilungamo

Akonzi,

Bungwe la Health Professions Council of Zambia limapereka kwa madokotala chiphaso chogwirira ntchito chaka ndi chaka, koma chiphaso sichionetsa dokotala amene wafooka ndi mowa, pethidine (mankhwala amphamvu oletsa ululu, omwerekeretsa) kapena kuiwala kwa ukalamba. Wotereyu ayenera kupimidwa, ndipo apimidwe bwino.

Opima autenge mkodzo wake mosamuchenjeza, wina akuona, chifukwa pethidine amatha mumkodzo pakangopita masiku 2 kapena 3. Mukamuuziratu tsiku, amaleka kaye sabata imodzi, zotsatira nkutuluka zoyera. Mowa umachoka m'magazi m'maola ochepa, choncho apime chiwindi, makamaka GGT, chinthu cha m'magazi chimene chimakwera mwa womwa mowa kwambiri, koma akumbukire kuti imakweranso ndi mankhwala ena a khunyu. Pa kuiwala, mayeso a MoCA, opima kukumbukira ndi kuganiza, ali ndi mapointi 30. Wopeza osakwana 26 aunikidwenso mozama, asathamangire kumulanda chiphaso. Manja akamanjenjemera, ayambe aona shuga ndi chithokomiro.

Opimawo asakhale anzake a pachipatala chimodzi. Kuno ku Chipata, Katete ndi Lundazi madokotala ndi ochepa, amadziwana, ndipo anamwino amaopa kuulula. Wokayikiridwayo atumizidwe ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka, dzina la wodandaula libisidwe, ndipo dokotalayo akachira abwerere kuntchito akuyang'aniridwa.

Ndife,
Ogwira ntchito zaumoyo, Chipata