Kalata yochokera ku Chikombe

Mwana wanga,

Kuno tili bwino, kungoti mawondo a amayi ako ayambanso. Uthenga wako tinaulandira, ndipo wandisowetsa tulo. Ukuti kutha kwa ntchito, kuchoka kwa mpongozi wathu ndi mowa wakugwirawu, zonse zinalembedwa kale, palibe chimene ungachite.

Mawu amenewa ine ndinafundapo. Iwe unkakwawa pamene malume ako anatsalira m'nyanja. Munali mu Julaye, mwera uli pachimake. Madzulo amenewo madzi anali bii, akuluakulu atakokera mabwato awo kumtunda. Ine ndinali ndi ngongole ya ukonde, ndiye ndinati alamu tiyeni, usipa wakwera mtengo. Anakana kawiri, kachitatu ananyamula nkhafi. Pamaliro aliyense ankati tsiku lawo linakwana, ine n'kumavomera, ndipo ndinabisala m'mawu amenewo zaka zambiri. Mwera sindinauitane ine, n'zoona. Koma amene anakankha bwato pamchenga paja ndine.

Sindikukana kuti zina sitisankha. Sunasankhe kubadwa mwana wa msodzi, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu amadziwa za mawa. Koma kudziwa si kukankha. Ndikakhala pagombe n'kuona mnyamata akupalasa molunjika pamwala, ndimadziwiratu kuti agunda, komatu nkhafi ili m'manja mwake.

Taganiza za ku Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, amfumu a Makanjira amatseka chilumbachi mu Disembala n'kudzatsegula mu Epulo kuti utaka uswane. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa kumeneko. Ndaona ndi maso angawa zidakwa zotheratu, zija zimagona m'ngalande kuno kumtunda, zikutha miyezi osalawa ngakhale dontho chifukwa zikufuna nsomba. Chikhala kuti uchidakwa wawo unalembedwa, lamulo la mfumu likanaufafaniza bwanji? Utaka umene unakulipirira sukulu ulipo chifukwa anthu ena, amene anagona kale, anadziletsa kuponya makoka nyengo yoswana.

Ukutinso munthu ndi thupi chabe, mzimu kulibe. Nanga chimene chinakudzutsa pakati pa usiku, n'kukulembetsa uthenga wautali chotere kwa bambo ako, n'chiyani? Ukonde umakokedwa uku ndi uku koma suchita manyazi. Iwe ukuchita manyazi, ndawamva m'mawu ako onse, ndipo pamenepo mtima wanga unakhalako pansi.

Loweruka likubwerali kwera minibasi, ukatsike pa Kamuzu Road, mng'ono wako akakudikira ndi njinga yamoto. Ankhoswe ndalankhula nawo kale, akuti banja lija silinathe, koma akufuna amve pakamwa pako. Amayi ako asunga mpunga. Ukafika, tidzayambe tapita kumanda a malume ako, awiriwiri. Pali zina za usiku uja zimene ngakhale amayi ako sindinawauze.

Ndine bambo ako.